Miyala ya Mfumu mu Mtsinje wa Dikirani

Mu Ufumu wa Zilibwino munthu sadandaula. Si kuti kuli lamulo loletsa ayi, malamulo a kumeneko ndi aulemu kwambiri moti saletsa kanthu. Kungoti amene anadandaulapo kale anaitanidwa ku likulu, ku Ombani, kuti akafotokoze bwino dandaulo lawo, ndipo zikuoneka kuti mpaka pano akufotokozabe. Choncho ukamufunsa munthu wa ku Zilibwino kuti moyo ukuyenda bwanji, amayamba wayang'ana kumanzere ndi kumanja, kenako n'kutchula dzina la dziko lake.

Wolamula kumeneko ndi Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, munthu wansangala, wamasaya onona, wokonda nyimbo ndi kujambulidwa. Nkhanza alibe kwenikweni. Matenda ake ndi amodzi, amakonda kuyamba zinthu. Anthu akasowa chipatala, Mfumu imabwera ndi mdipiti wa galimoto, amayi n'kuvina, iyo n'kuika mwala wa maziko wolembedwa dzina lake, n'kubwerera kukadya. Wina akatsokomola mokumbutsa za chipatala chija, imabweranso ndi mwala wina wokulirapo. Kuli midzi ina kumeneko yopanda ngakhale chimbudzi cha pasukulu, koma miyala ya maziko yokwanira kumangira tchalitchi.

Pakati pa ufumuwo pamadutsa mtsinje waukulu wa Dikirani, wodzaza ndi ng'ona. Mlatho wake unakokoloka ndi madzi zaka zingapo zapitazo. Mabwato analetsedwa mwaulemu, pakuti kukwera bwato n'kusonyeza kuti sukukhulupirira mlatho umene ukubwera. Njira yozungulira imadutsa m'maufumu a eni ake ndipo imafuna chiphaso, koma ofesi yopereka ziphaso ikadali pa mwala wa maziko.

Ndiye kunabwera masewero a pafoni otchedwa Dziko Lina. Anawapanga ndi bambo wina wowonda wamagalasi, Filimoni Katsabola, m'kachipinda ka kuseri kwa malo ometera tsitsi. Masewero ake ndi otere: umalowa pafoni yako n'kupatsidwa kamunthu kako, ndipo kamunthuko kamakhala m'dziko limodzi ndi tianthu ta anzako onse amene alowa nthawi imeneyo, zikwizikwi. Mumalima, mumawedza, mumapanga magulu okasaka zilombo kumapiri. Mapu Katsabola sanavutike nawo, anangojambula Zilibwino yemweyo, aliyense n'kumayambira mbali ya mtsinje imene amakhala. Kusiyana kwake kunali pawiri. Pa Dikirani wa m'masewero panali mlatho. Ndiponso pakona pa foni panali kabatani kolembedwa kuti "Maganizo Anu". Ukakadina n'kunena chimene chikukunyansa, pofika Lachisanu Katsabola amakhala atakonza.

Poyamba anthu ankakaopa kabatanika ngati njoka. Woyamba kukadina anatsanzika kaye banja lake ndi kuuza mkazi wake kumene kuli makiyi a njinga. Koma Lachisanu litafika iye akadali pakhomo pake, khasu la m'masewero limene anati limaguluka litakonzedwa, mtundu wonse unatsegula pakamwa. Zinapezeka kuti anthu a ku Zilibwino ndi akatswiri a kudandaula, ankangosowa pochitira.

Pamsika wa Tidzaona nkhani inali imeneyi kuyambira m'mawa. Pamenepo panali mayi wina wogulitsa tomato, Esinala Chikaonda, amene aliyense ankawatchula kuti make Ndaziona. Pamsika anali ofatsa, koma m'Dziko Lina ankatsogolera Gulu la Zitenje Zofiira, amayi oti zilombo zikawaona zinkayamba zokha kuyang'ana kothawira. Mwamuna m'gululo anali mmodzi, a Jailosi, wosoka nsapato wa pafupi ndi benchi yawo. Anawalola chifukwa kamunthu kawo kankadziwa kumanga mabala a anzake pankhondo.

"Thumba lija ndi laling'ono, make Ndaziona," anatero a Jailosi tsiku lina, msomali uli pakamwa. "Dzulo tapha chilombo cha kuphanga chija, chagwetsa mikanda, chikopa ndi mpeni wabwino. Ine thumba ladzaza ndi chinangwa. Wabwera wina wa ku Gulu la Amakaniko, sanaponye ndi mwala womwe, n'kutola mpeniwo ngati wa bambo ake."

"Amenewo alipo ambiri," anayankha mayi Esinala. "Nthawi ya nkhondo amaima patali, netiweki yavuta. Nthawi yogawana nyama netiweki yabwera."

"Ayenera kuti kwawo ndi ku likulu."

"Inu lirani thumba. Ine ndawauza a Katsabola kuti ndi mkazi wanji woyenda mtunda wonsewo katundu ali m'manja, mutu uli chabe? Atiikire nkhata."

Lachisanu nkhata inaikidwa, ndipo amayi anayamba kupita kunkhondo mtolo uli pamutu, manja onse ali pa mkondo. A mauta anadandaula kuti a mikondo apatsidwa mphamvu zambiri. A mikondo anati a mauta ndi amantha, amapha chilombo ali pamthunzi. Alimi ankati masewero onse akomera osaka, munthu wolima bwino sakwera udindo. Madoda anabwera ndi nkhani yolemera: m'dziko muno munthu akafa amadzuka nthawi yomweyo pamsika n'kuyamba kuthamanga, popanda wopepesa, popanda woika masamba pamsewu, kodi tikuphunzitsa ana chiyani? Katsabola anakonza kuti wina akagwa, amene ali pafupi azivula zipewa. Amayi anapempha batani logwadira popereka moni, analandira. Anapempha la nthungululu, analandiranso, ndipo kwa sabata yathunthu m'Dziko Lina munalibe womva mnzake.

Koma mayi Esinala sankalowa m'masewerowa chifukwa cha zilombo zokha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ndaziona, anakwatiwa kutsidya kwa Dikirani, ndipo mlatho unakokoloka mvula ya chaka chomwecho. Chichokereni sanaonane. M'Dziko Lina mawu a munthu amamveka kwa okhawo amene wayandikana nawo, monga zikhalira pamoyo weniweni. Ndiye masana aliwonse, ogula akachepa, tianthu tiwiri tinkakumana pakati pa mlatho, n'kukhala pansi miyendo ili lendelende, n'kumacheza za ndiwo, za mvula ndi za apongozi.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangoimbirana foni. Ku Zilibwino foni imakhala ya anthu atatu: iwe, mnzako ndi bambo wa ku Unduna wa Zomvetsera. Bamboyo sabisala. Amatsokomola, amatafuna mtedza, ndipo pamene sanamve bwino amapempha kuti mubwereze. M'masewero munalibe bambo ameneyu, pakuti akuluakulu ankati zimenezo ndi zachibwana.

Tsono Ndaziona anali ndi pakati poyamba, ndipo miyezi inali itapita. Pali mawu amene mkazi wa pakati poyamba amayenera kuuzidwa ndi amayi anzake nthawi yake isanakwane, mawu osayenera khutu la mwamuna, makamaka wotafuna mtedza. Mayi Esinala anali atakonza zonse. Lamlungu likubweralo, akaweruka kutchalitchi, Zitenje Zofiira ziwoloka mlatho, zikakhale m'kanyumba ka Ndaziona ka m'masewero, zimulange mwanayo monga mwa mwambo. A Jailosi adzatsala pamlatho kulondera, patali poti sangamve.

Zinthu zinaonongeka chifukwa cha wakabaza wina. Ameneyu, mutu utadzaza ndi Dziko Lina, analowa mu Unduna wa Misewu, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Pepani bwana, dzenje la pamphambano lija lakula kwambiri, landidyera tayala. Mukonza Lachisanu lino kapena linalo?" Kalaliki amene anafunsidwayo anakomoka, anzake n'kumuthira madzi kuti atsitsimuke. Mawa lake mayi wina anafika kuchipatala n'kufunsa namwino kuti kabatani ka maganizo kali pati.

Khonsolo ya Mfumu inakumana mwadzidzidzi, kutanthauza kuti itatha kudya. Woyamba kuimirira anali a Mwaterodi, Nduna ya Zoyamikira, amene manja awo anauma zikhatho chifukwa cha ntchito.

"Mwini Dziko, Dzuwa Losalowa, Mthunzi Woyenda ndi Anthu Ake, Inu amene mukayetsemula chimanga chimamasula," anayamba choncho a Mwaterodi, "dziko lili pangozi. Munthu uyu Katsabola akuphunzitsa anthu anu khalidwe lachilendo, loti ukanena chinthu chimachitika. Lero apempha nkhata, apatsidwa. Mawa apempha mankhwala kuchipatala. Nanga mkuja? Makolo athu anatisiyira dongosolo labwino. Munthu amapempha, ife timamva, nkhani imathera pomwepo, aliyense n'kupita kwawo ndi ulemu wake."

Nduna zonse zinawomba m'manja. Mfumu inaganiza kwa kanthawi, kenako inafunsa, "Kodi m'dziko limenelo mfumu yake ndani?"

"Mulibe mfumu, Mwini Dziko."

"Nanga amawombera ndani m'manja?"

"Amangowomberana okhaokha."

Mfumu inamva chisoni chenicheni. Inapempha kansalu kopukutira m'maso. "Ana amasiye," inatero. "Ndipo palibe amene anandiuza."

Asilikali anabwera naye Katsabola atamugwira mkono uku ndi uku, ngakhale kuti ankayenda yekha bwinobwino. Anamvetsera lamulo latsopano atagwada. Dziko Lina lisakhale ndi chinthu chilichonse chimene Zilibwino alibe, pakuti kutero n'kunyoza. Maganizo a osewera aziyankhidwa ndi Mfumu yokha, mwa mwambo wake. Ndipo Mfumu ipatsidwe kamunthu kake, koma kasakhale kamunthu, chikhale chimunthu, chachitali kuposa mitengo, chosafa, chosanyowa, chosamira.

"Mwini Dziko," anatero Katsabola ndi mawu aang'ono, "anthu amaukonda mlatho uja."

"Vuto lake ndi limenelo," anayankha a Mwaterodi.

Lachisanu limenelo anthu atalowa m'masewero anapeza ali kwawo. Misewu inali ndi maenje. Nyali za m'mapanga zinkazima pakati pa nkhondo n'kuyaka chilombo chitakhuta. Kusitolo ya mankhwala kunali mzere wautali, ndipo ukafika kutsogolo wogulitsa ankamwetulira n'kunena kuti atha, muyesere mawa. Chimunthu cha Mfumu chikamadutsa, tianthu tonse tinkauma pambali pa msewu n'kumawomba m'manja tokha, ngakhale fisi akukuluma mwendo.

"Mwaziona zatsopanozi, a Jailosi?" anafunsa mayi wina wogulitsa usipa.

"Ndaziona. Akuti masewero afanane ndi moyo. Ndiye ine ndizitheranji batire? Ndingotsegula chitseko changa n'kutuluka panja."

"Koma mzere wa mankhwala uja aupanga bwino. Pali ngakhale uja wolowera kutsogolo chifukwa amadziwana ndi wogulitsa."

"Pamenepo pokha ndiwayamikire, sanaphonye kanthu."

Anaseka, ndipo anapitiriza kusewera, pakuti maenje ndi mizere anthu a ku Zilibwino ndiye ntchito yawo. Amene sanaseke ndi mayi Esinala. Kamunthu kawo kanathamangira kumtsinje n'kupeza madzi okhaokha. Kutsidya, patali, kanaima kamunthu ka Ndaziona, kakukweza dzanja. Iwo anaitana dzina la mwana wawo mpaka ogula tomato anayamba kuwayang'ana, koma mawu sankawoloka. Anayesa kusambira, ng'ona inawadya, a Jailosi anavula chipewa, iwo n'kudzukira pamsika. Mtima unawapweteka kwambiri, ndipo tsiku limenelo anaweruka dzuwa likadali pamutu.

Lamlungu lija anayesa foni. Atangoti, "Mwanawe, tamvera bwino, nthawi ikayandikira uziona zizindikiro izi," kunamveka kutsokomola.

"Pitirizani mayi," anatero bambo wa ku Unduna wa Zomvetsera. "Koma pang'onopang'ono, nanenso akunyumba ndi oyembekezera."

Mayi Esinala anadula foni. Anatenganso foni yomweyo, analowa m'Dziko Lina, anadina kabatani kaja n'kunena kuti, "Tikufuna mlatho wathu." Zitenje Zofiira zonse zinachita chimodzimodzi.

Mfumu inayankha mwa mwambo wake. Chimunthu chija chinafika m'mbali mwa Dikirani wa m'masewero, tianthu tinauma n'kuwomba m'manja, ndipo pagombe panaoneka mwala wa maziko, waukulu, wosalala pamwamba, wolembedwa dzina. Apa Mfumu inatulukira chinthu chokoma. Kuika mwala weniweni kumafuna suti, dzuwa, fumbi ndi kumvera kwaya ya ana a sukulu. Kuika mwala wa m'masewero kunkangofuna chala chimodzi, munthu uli chigonere pa sofa. Mawa lake madandaulo a mlatho atabweranso, inaika wina isanamwe ndi tiyi womwe.

Katsabola anafotokoza kuti miyala iwiri singakhale pamalo amodzi. A Mwaterodi anawonjezera kuti mwala watsopano wa Mfumu sungabisale kumbuyo kwa wakale, uyenera kukhala kutsogolo kuti uzioneka bwino pachithunzi. Kutsogolo kwake kunali kumadzi. Posakhalitsa miyala inachoka pagombe n'kulowa mumtsinje, koma Mfumu sinazindikire kanthu, pakuti chimunthu chake chinkayenda pamadzi ngati pabwalo.

Tsiku lina a Jailosi, akumata nsapato ya mphunzitsi, anati, "Make Ndaziona, mukafuna nsomba zazikulu mukakhale pa mwala wa Lachiwiri uja. Zikudya bwino pamenepo."

"Wa Lachiwiri si uli m'madzi?"

"Uli m'madzi, eya."

"Nanga mwafikapo bwanji?"

"Ndadumpha kuchokera pa wa Lolemba."

Mayi Esinala anaika pansi tomato amene anali m'manja. Anawayang'ana a Jailosi nthawi yaitali, mpaka bamboyo anadzipukuta pakamwa poganiza kuti pali kanthu.

"Achimwene," anatero, "inu Mulungu anakupatsani mwayi m'malo mwa nzeru, ndipo sanakunyengeni."

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira msika wonse, kuchoka pa usipa kupita pa kaunjika mpaka kwa makondakitala a minibasi, amene anaipititsa m'maboma onse. Palibe amene anatchula za kuwoloka. Ankangouzana kuti mlatho uja tiyenera kuudandaula tsiku lililonse, m'mawa ndi masana. A mauta ndi a mikondo anaiwala mkangano wawo. Amakaniko, amene sanathandizepo munthu chibadwire, nawonso anadina kabatani. Madoda anadandaula mwaulemu, kuyambira ndi moni wautali. A kutsidya nawo ankadandaula, koma mawu awo sankafika ku likulu, pakuti masewero tsopano ankafanana ndi moyo.

Ntchito yaikulu inali yowongolera Mfumu, poti nthawi zina inkafuna kuika mwala chakumbali. Apa batani la nthungululu linagwira ntchito. Chimunthu chikapita kutsogolo, amayi pagombe ankadina mpaka mafoni kutentha. Chikakhotera kumbali, kunkangoti zii, wina n'kuyamba kukanda mwendo. Mfumu, imene imamva nthungululu ngati mmene mbuzi imvera fungo la madeya, inkabwerera yokha pamzere.

"Anthu anga sanandikondepo chotere," inauza khonsolo yake, maso ali ndi misozi.

Nduna zitaona chikondi chimenechi zinachita nsanje. Zinapempha kuti nazonso ziziika timiyala tawo, ndipo zinaloledwa, bola tikhale tating'ono ndiponso pakati pa miyala ya Mfumu. Okalamba a m'masewero, amene sankatha kudumpha patali, anayamikira kwambiri utsogoleri umenewu. Katsabola ankaona zonse pa kompyuta yake, koma palibe anamufunsa, ndipo ku Zilibwino munthu wosafunsidwa amakhala ndi moyo wautali.

Mzere wa miyala unadutsa pakati pa mtsinje. Mayi Esinala ankafika pa mwala womaliza tsiku lililonse n'kuitana. Mawu anali asanayambe kufika, koma kamunthu ka Ndaziona kankaoneka bwino tsopano, mpaka mtundu wa mpango. Masiku ena kankakweza dzanja. Masiku ena kankangokhala pansi osasuntha, ndipo mayi ake ankadziwa kuti mwini wake wagona, msana ukumuwawa. Malangizo onse anali nawo pamtima, ankawabwereza okha poyala tomato kuti asaiwalepo kanthu.

Patatsala kampata kakang'ono, chala cha Mfumu chinatupa. Madokotala a ku Ombani anachiyang'ana n'kugwirizana kuti chala chotere sichingaonedwe m'chipatala cha ku Zilibwino. Mfumu inakwera ndege ndi nduna zake, akazi a nduna ndi wonyamula pilo, kupita kunja. Wailesi inapempha mtundu wonse kuti upempherere chalacho. Ndikuuzeni zoona, palibe amene anapemphera ndi mtima wonse kuposa mayi Esinala. Anasala ngakhale kudya. Abusa anawatchula paguwa ngati chitsanzo cha kukonda dziko.

"Mwezi wake ndi uno, a Jailosi," anatero mayi Esinala tsiku lina. "Mwana uja akalowa m'chikuta osadziwa kanthu. Ndikuopa."

A Jailosi anangowasokera patapata wawo amene sanaduke n'komwe.

Mfumu inabwerako chala chili m'bandeji yoyera, ndipo m'mawa mwake, pofuna kuonetsa adani kuti ikadali ndi mphamvu, inaika miyala itatu motsatizana ndi chala cha dzanja linalo. Wotsirizawo unagwera pamchenga wa kutsidya.

Msika wa Tidzaona unaima. Ogula anaimirira ndi madengu opanda kanthu, ogulitsa onse mitu ili pa mafoni. Mayi Esinala anali patsogolo, nkhata pamutu, Zitenje Zofiira zili m'mbuyo. Anadumpha bwino mpaka pakati, koma dzanja linali ndi thukuta, ndipo anaterereka pa kamwala ka Nduna ya Zamadzi. Ng'ona inawalandira. Khamu lonse la pamiyala linavula zipewa. Anadzukira pamsika, anathamanga kudutsa maenje onse, ndipo anthu amene anali pamzere wowoloka anawapatukira, chinthu chimene sichinachitikepo pa mzere uliwonse wa ku Zilibwino. Ulendo wachiwiri anadumpha pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, mpaka phazi linaponda mchenga.

Kamunthu ka Ndaziona kanali kakhale pagombe. Iwo anakayandikira mpaka mapewa kugundana.

"Ndaziona, ndafika mwanawe. Amayi onse ali m'mbuyomu. Tiye kunyumba tiyambepo, nthawi yatha kale."

Kenako kunamveka kukhwekhwereza kwa nsalu, ndi mawu otopa, aang'ono ngati a munthu wochokera kutali.

"Amayi, ndinu?"

"Ndine. Ukumva bwanji?"

"Mwachedwa pang'ono, amayi."

Mayi Esinala asanafunse kanthu, mufoni munamveka kulira kopyapyala, kwaukali, kwa munthu amene wangofika kumene m'dziko ndipo sakugwirizana nalo.

"Ndi wamkazi," anatero Ndaziona. "Wabadwa dzuwa likutuluka. Apongozi ndi azamba anali nane. Ndinaopa, amayi, koma ndili bwino. Foni ndinaisiya chiyakire pamphasa kuti mukafika mundipeze."

Nthawi yomweyo wailesi ya pa kaunjika inayamba kuimba ng'oma za chifumu. Zinachitika n'zakuti a Mwaterodi, ataona chikhamu chikuwoloka, anathamangira kwa Mfumu, poganiza kuti wina amangidwa lero, mwina iwo amene. Koma Mfumu inayang'ana foni, inaona anthu ake akudumphadumpha pa dzina lake kuchokera gombe lino mpaka linalo, n'kuseka ndi chimwemwe. Tsono wailesi inalengeza kuti mwa nzeru za Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, mlatho wa Dikirani watha kumangidwa, tsiku lino ndi la tchuthi, ndipo popeza mlatho tsopano ulipo, nkhani ya mlatho isamvekenso kulikonse mu ufumu uno.

"Chinthu choyamba kuchimaliza," anatero mayi wa usipa, "ndipo sakudziwa kuti anachimaliza bwanji."

Mayi Esinala sanamve zonsezo. "Muyandikitse foni," ananong'oneza. "Ndimumve kupuma." Chala chawo chinkayendayenda pagalasi kufunafuna batani. Panali logwada, lovula chipewa, lolasa mkondo, losenza mtolo. Anafufuza paliponse, koma lonyamulira mwana panalibe. Ndiye anangoika foniyo pachifuwa, n'kuifungatira ndi manja onse awiri, n'kuyamba kugwedezeka pang'onopang'ono pa benchi yawo, misozi ikugwera pa tomato, akuimba kanyimbo kotonthoza mwana pansipansi. Mufoni muja kulira kunayamba kuchepa.

Panafika bambo wina wa tayi ndi jumbo yake, n'kuloza mulu wa tomato. "Mayi, ameneyu bwanji?" Atafunsa kachiwiri osayankhidwa, anatembenukira kwa wosoka nsapato uja modabwa.

A Jailosi anachotsa msomali pakamwa. "Mubwere mawa, bwana," anatero motsitsa mawu. "Eni ake ali kutsidya, akulera mdzukulu."